Zilembo za Pakhoma la ku Kawale

Nyumba ya ku Kawale anamanga ndi bambo athu, atachoka ku Mulanje kudzagwira ntchito ya umesenjala boma litasamukira ku Lilongwe. Tinakuliramo atatu: achimwene anga aakulu, ine, ndi mlongo wathu chitsirizira. Bambo anatsogola, mayi anawatsatira m'zaka za m'ma 2000, mafoni am'manja atangoyamba kulowa m'matumba mwa anthu wamba. Achimwene anali ndi nyumba yawo ku Area 25, mlongo wanga anali kubanja ku Chinsapo. Wopanda pake ndinali ine, wa lendi ku Area 23, ndi mkazi ndi ana m'zipinda ziwiri. Pamaliro a mayi malume athu ananena poyera kuti tikadzavundukula chiliza, ine ndidzalowe m'nyumbayo. Aliyense anavomera. Makiyi anasunga achimwene, monga wamkulu.

Anthu amati ndine wamtima wapachala. Anene. Ine chinthu chikandinyansa ndimanena pomwepo, sindisunga mawu kuti aole m'mimba.

Nthawi ya chiliza itayandikira, achimwene anabwera kwathu Loweruka lina atanyamula buledi, zomwe sankachita. Anati abale a ku Mulanje akubwera, ndipo nyumba ya mayi ikuoneka ngati khola la mbuzi. Anati wa dzanja la penti m'banjamo ndi ine, iwo agula pentiyo, ine ndingopereka manja. Ndinakondwa. Ndinkati ndikukonza malo anga okhala.

Ntchito yanga inali mushopu ya zomangira nyumba m'tauni, koma chimene ndinkachikonda chinali zilembo zamatabwa. Ndinaphunzira kusekondale, ndipo anthu ankandipeza kuti ndiwadulire dzina la mwana wobadwa kumene, kapena mawu a m'Baibulo oika pabalaza. Nditamaliza makoma, zitseko ndi mawindo, ndinaona kuti khoma lalikulu la pabalaza lili mbuu, lopanda kanthu. Ndinakumbuka mawu amene mayi ankatiuza tikamalira kuti nyumba za ku Area 10 n'zokongola: pano ndi pathu. Ndinati ndiwalemba amenewo.

Ndinapita ku Biwi kwa akalipentala kukatola zidutswa za matabwa a paini. Chilembo chilichonse ndinkayamba ndachijambula pakatoni ya sopo, n'kudula katoniyo, n'kuigoneka pathabwa, kenako kasowo kakang'ono kankatsatira pensulo. Sandipepa ankandithera zala, chifukwa paini ukamusiya ndi tiubweya, penti amaonetsa zonse. Pansi ndinkapaka woyera, pamwamba wobiriwira ngati minda ya tiyi imene mayi ankaisowa moyo wawo wonse, m'mphepete ndi kabulashi kopyapyala ndinkadutsitsa wachikasu. Inali nyengo ya mphepo, fumbi la ku Kawale likulowera paliponse, ndiye ndinkaumitsa zilembozo kuchipinda cha malemu, mawindo otseka, mutu ukuwawa ndi fungo la thinazi wosungunulira penti. Fumbi likagwera pa chimodzi ndinkachipala n'kuyambiranso.

Anthu a lendi ndinkawapangira zilembo zokoleka pachingwe, kuti tsiku losamuka angochotsa. Izi ayi. Kumbuyo kwa chilichonse ndinamatako tizikhomo, n'kuboola khoma, n'kuzimiza mu simenti. Wosamuka analipo ndani?

Masiku amenewo achimwene ankabwera pafupipafupi ndi bambo wina wonenepa, wa galimoto ya bokosi kumbuyo. Anati ndi mnzawo wa kutchalitchi. Bamboyo ankagogoda makoma, kuyang'ana malata, kufunsa ngati madzi amatuluka tsiku lililonse. Ine, chitsiru cha munthu, ndinkamuyendetsa chipinda ndi chipinda, kumuonetsa pamene ndamata mng'alu, kumuuza kuti maziko a nyumbayi bambo anathira miyala ya ku Ngwenya, sangasunthe. Ataona zilembo anaseka n'kunena kuti akazi awo azikonda. Ndinati abwere nawo adzaone.

Tsiku la chiliza tinachoka kumanda dzuwa lili paliwombo. Anthu anadya, oyandikana nawo anabalalika, tinatsala eni ake pabalaza, pansi pa zilembo zanga. Azakhali a ku Mulanje anaziwerenga mokweza, misozi n'kulengeza. Apo ndinatembenukira kwa malume n'kuwafunsa ngati ndingayambe kututa katundu sabata yotsatira, popeza mwezi unali kutha.

Malume anayang'ana achimwene. Mlongo wanga ananyamuka kuti akaone madzi pamoto. Mkazi wanga anali pamphasa pafupi ndi khomo, akukanda ulusi wa chitenje chake.

Achimwene anatsokomola, n'kuyamba kuzungulira ngati mlaliki amene waiwala vesi. Anati nyumba ya makolo imabweretsa udani pakati pa ana, anati iwo ndi mlongo wathu anaona kuti kuli bwino aliyense alandire gawo lake. Ndinawadula.

"Achimwene, nyumbayi ilipo kapena palibe?"

"Inapita, mphwanga. Bambo aja ndi amene anagula."

"Liti?"

Anayankha ndi malume, kuti nkhaniyo inatha kale penti asanagulidwe, kuti wogulayo anangoti aipeze yopaka bwino.

Ndinaimirira, mpando n'kugwa chagada. Ndinafunsa amene ankadziwa. Malume ankadziwa. Mlongo wanga ankadziwa. Azakhali amene ankalira aja anauzidwa m'basi. Kenako ndinayang'ana mkazi wanga, amene m'mawa uliwonse ankandikulungira mbatata kuti ndikadyere ku Kawale, amene ankandichotsa penti m'zikhadabo ndi parafini.

"Anandiuza alamu mwezi watha," anatero osadzutsa mutu. "Tinkaopa mtima wanuwo, bambo ake. Tinati chiliza chidutse kaye mwamtendere."

"Mtima wanga munkauopa, koma manja angawa simunawaope."

Achimwene anayamba kunena za gawo langa, kuti alisunga bwinobwino. Ndinawauza kuti akagulire mafuta a galimoto ya mnzawo wa kutchalitchi. Mawu ena amene ndinalankhula sindiwalemba pano, koma sindinabwezeko ngakhale limodzi, ndipo azakhali anatseka makutu ndi mpango.

Ndinapita kuchipinda kumene kunali zida zanga, n'kubwera ndi hamala ndi tchizulo. Anthu anathawira kukhonde poganiza kuti ndikufuna mutu wa munthu. Ndinakwera patebulo n'kuyamba kuzula zilembo. Simenti ndinaithira ndekha, ndipo ndinaithira bwino, moti chilichonse chinkatuluka ndi chibuma cha pulasitala, khoma n'kutsala zibowo zokhazokha. Achimwene ankakuwa pawindo kuti ndikuwononga nyumba ya eni ake, kuti wogulayo anazikonda zilembozo ndipo anagwirizana kuti zitsale. Ndinati amuuze adzandisumire. Ziwiri zinathyoka pakati. Zonse ndinaziponya m'thumba la simenti, n'kudutsa pakati pa abale anga osatsanzika, mpaka pa siteji ya minibasi.

Wogulayo anamanga mpanda wa njerwa wautali, n'kuika geti lachitsulo. Ndikadutsa pamsewu ndimangoona nsonga ya mtengo wa mapeyala umene bambo anabzala. Gawo langa achimwene anatumiza kudzera kwa mkazi wanga, iye analandira, n'kulipirira ana sukulu. Sindinamuletse, sindinamuthokoze. Tinakhala m'nyumba imodzi nthawi yaitali tikulankhulana za mchere ndi makala basi. Kwa achimwene sindinapondeko mpaka lero, ndipo paukwati wa mwana wawo ndinatumiza uthenga woti ndadwala, ndili bwinobwino pakhonde.

Ku Area 23 mwini nyumba sankalola ngakhale msomali umodzi pakhoma lake. Thumba lija ndinalikankhira kunsi kwa bedi. Mvula ya chaka chimenecho madzi analowa m'nyumba, paini anafufuma, chiswe n'kumalizitsa.