Mafunso Awiri Amene Ndinawasiya Dala

Ndinataya mwayi wa digiri chifukwa cha mafunso awiri a masamu amene mayankho ake ndinkawadziwa bwino lomwe. Inu owerenga, makamaka amene mudakali pasukulu, imvani mmene zinayendera.

Ndine mwana wa mlimi wa kachewere ku Zóbuè. Pa nthawi imene malasha anatchuka ku Moatize, kampani ina ya migodi inandipatsa bolsa, kutanthauza kuti inkandilipirira maphunziro a ku yunivesite. Lamulo lake linali limodzi: nota yanga, ndiye kuti malikisi anga a masamu, isatsike pansi pa 14 mwa 20.

Mphunzitsi wathu anali ndi chizolowezi chodziwika. Akatha kuchonga mayeso, ankatenga nota ya amene waposa onse n'kuikweza kufika pa 20, ndipo zimene wamuwonjezerazo ankawonjezeranso aliyense. Choncho woposa onse akapeza zochepa, kalasi yonse inkapindula.

Mayeso omaliza atayandikira, Zacarias, mtsogoleri wa kalasi yathu, anatisonkhanitsa. Anapempha kuti ife odziwa masamu tisiye mafunso awiri omaliza kuti ofooka akwezedwe, ndipo anati sititaya kanthu popeza zosiyidwazo zidzabwerera zokha. Nditawerengetsa ndinaona kuti n'zoona. Komanso ndinkaopa kutchedwa wodzikonda. Amélia yekha, mtsikana wofatsa wa ku Benga, ndiye anakana poyera. Tinangomuseka, poti tinkamuyesa wofooka pa masamu.

Tsiku la mayeso ndinawerenga mafunso aja, njira yake ndikuiona bwinobwino, koma ndinaika cholembera pansi. Kuyambira pamenepo mtendere unandichokera. Ndinapita kwathu kukathandiza kukumba kachewere, koma foni ikangolira, ndinkaganiza kuti ndi zotsatira. Ndili m'munda momwemo ndinakumbukira kuti chiyambire sindinaonepo pepala la Amélia. Nanga kufooka kwakeko tinakudziwa bwanji?

Zotsatira zitatuluka, Amélia anali ndi 19. Aliyense anangowonjezeredwa imodzi. Zacarias, amene ankangofuna 10 kuti akhoze, anakhoza. Ine ndinachoka pa 12 kufika pa 13. Ndikanakadandaula kwa ndani, ndipo ndikanati chiyani? Bolsa inadulidwa, ndipo patapita zaka ndinangopeza dipuloma.

Bambo anga, amene sukulu inawathera pothawa nkhondo kupita ku Malawi, anamvetsera zonse, kenako anafunsa:

"Mafunsowo sunkawadziwa, mwana wanga?"

"Ndinkawadziwa, bambo."

"Ndiye unasiyira ndani?"

Amélia sindimuimba mlandu, ngakhale mphunzitsi. Vuto linali lakuti tonse tinagwirizana chimodzi pamene chotaya chathu chinali chosiyana: anzanga akanalembanso mayeso, ine ndinalibe mwayi wachiwiri.

Inu owerenga, mnzanu akafooka pa masamu, khalani naye pansi mumuphunzitse mayeso asanafike. Koma mukalowa m'chipinda cha mayeso, funso limene mukulidziwa liyankheni.