Ananditulutsa m'nyumba yosiyira mowa poopa manyazi

Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala ku London kuno, ndipo mowa unatsala pang'ono kundipha. Izi sindibisanso. Koma chimene chimandipsetsa mtima mpaka lero ndi zimene anandichita m'bale wanga weniweni pamene ndinali nditayamba kuchira.

Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba ku Lewisham. Ndikaweruka, msana ukuwawa, ndinkagula botolo la vinyo kuti ndipeze tulo. Botolo limodzi linasanduka awiri, kenaka ndinayamba kumwa ndisanapite kushifiti. Ntchito inatha. Mwana wanga wamkazi anamutenga bambo ake, amene tinasiyana kalekale. Nditagonekedwa m'chipatala kuti mowa uchoke m'thupi, achipatala anandipezera malo m'nyumba ina ku Thamesmead, momwe mumakhala azimayi okhaokha amene akusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Inu owerenga, nyumba imeneyi si ndende ayi. Aliyense anali ndi chipinda chake, tinkaphika mosinthana, tinkapita kumisonkhano yolimbikitsana, ndipo lamulo lalikulu linali lakuti ngakhale dontho la mowa lisalowe pakhomo. Woyang'anira anali Mayi Phiri, obadwira ku Zimbabwe koma makolo awo a ku Dedza. M'nyumba imeneyo ndinayambanso kudya, manja anasiya kunjenjemera, ndipo bambo a mwana anayamba kulola kuti ndizimuona Loweruka lililonse.

Azakhali anga a ku Edmonton, amene anandibweretsa m'dziko muno, ndi mtsogoleri wa amayi kutchalitchi kwawo. Sanabwere kudzandiona ngakhale kamodzi. Anthu akafunsa, ankanena kuti ndinapeza ntchito ku Scotland. Ndiye mwana wawo anapeza banja, abale anayamba kukonzeka kubwera ku ukwati kuchokera ku Malawi, ndipo azakhali anaona kuti bodza lawo liululika. Anandiimbira foni.

"Iwe, longedza ubwere kuno. Ukufuna alendo amve kuti mwana wa achimwene anga amakhala ku nyumba ya zidakwa? Tinakupempherera, unachira. Za rehab zakozo zakwana."

Ndinawapempha kuti ndibwere tsiku la ukwati lokha. Anakana. Anati ndikapanda kutuluka auza mayi anga zonse, akudziwa bwino lomwe kuti mayi amadwala kuthamanga kwa magazi.

Mayi Phiri anandikhazika pansi kukhitchini. "Mwanangu, sindingakutsekere chitseko," anatero. "Koma ukatuluka chipinda chako tipatsa wina, odikira ndi ambiri. Kumene ukupitako akudziwa kuti mowa usakhale pafupi nawe?" Ndinayankha kuti azakhali ndi munthu wopemphera.

Nditafika ku Edmonton ndinapeza makatoni a vinyo wa paukwati ataunjikidwa m'chipinda chimene anandipatsa kuti ndizigona. Nditadandaula, azakhali anati chikhulupiriro changa ndi chochepa. Kumisonkhano anandiletsa, ati wina wa kutchalitchi angandione ndikulowa. Tsiku la ukwati anandipatsa ntchito yothirira alendo zakumwa, ati ndine mwana wapakhomo. Tangoganizani, munthu amene akudziwa matenda anga. Ndinapirira mpaka nthawi ya perekaniperekani, kenaka ndinapezeka ndili kuseri kwa holo, botolo lili kukamwa. Amene anamwa ndine, sindikana. Koma munthu wodwala chifuwa simumugoneka m'chipinda cha utsi n'kumamuuza kuti alimbe mtima.

Zotsatira zake ndinachita kuziona pafoni. Wina anandijambula ndikugwera patebulo la akwati, ndipo kanemayo anazungulira m'magulu a Amalawi mpaka anafika kwa mayi anga kumudzi ndi kwa bambo a mwana. Mawa lake azakhali anandiikira zikwama panja. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa apongozi.

Ndinakwera basi kubwerera ku Thamesmead. M'chipinda changa munali mutalowa kale mtsikana wina. Mayi Phiri sanandikalipire. Anandiphikira tiyi, anaimba mafoni mpaka anandipezera pogona pa malo a anthu osowa nyumba. Kumeneko ndinamwa kuposa kale, ndinagonekedwanso m'chipatala, ndipo panapita miyezi yambiri ndisanapezenso malo m'nyumba ina yosiyira mowa, momwe ndikulembera nkhaniyi. Azakhali sanaimbepo foni. Ndimamva kuti Lamlungu amatsogolerabe mapemphero a odwala.

Inu owerenga amene muli ndi m'bale m'nyumba yotere, musiyeni akhale mpaka omuthandiza atanena kuti wakonzeka. Mukamuyendere, mumutengere chakudya, mupemphere naye komweko. Ngati anthu akutchalitchi akufunsa, auzeni kuti akudwala ndipo akulandira thandizo, chifukwa zoona zake ndi zimenezo. Ndipo iwe mnzanga amene uli mkatimo, wina akakuuza kuti utuluke chifukwa cha maso a anthu, ngakhale akhale amene anakulipirira ndege, kana. Udzapepesa pambuyo uli moyo.

Kanema uja anthu anamuiwala kale, akwati ali ndi mwana tsopano. Wanga ndimalankhula naye pafoni pokha, bambo ake ali pambali. Ndikamufunsa m'Chichewa kuti adzabwera liti kudzandiona, amayankha m'Chingerezi kuti afunse kaye adadi.