Amalume analibe khadi

Mu ofesi ija aliyense ankawatchula kuti Amalume, ngakhale bwana amene. Anali bambo wamtali, wowerama pang'ono, ndipo mpando wawo unkakhala wozizira tsiku lonse poti mwini wake sankaukhalira. Ukawafuna unkangoyang'ana kumene wina wagwira mutu pakompyuta. Kumeneko ndiye unkawapeza, magalasi ali pamphuno, akuti, "Tabwererani pamwamba pang'ono, tione pamene yayambira kunama."

Gulu lawo linkapanga mapulogalamu a pafoni a masitolo. Kwa zaka zambiri ntchito ankagawana pakamwa. M'mawa uliwonse ankaimirira mozungulira, aliyense n'kunena zimene anachita dzulo ndi zimene achite lero. Tsono msonkhano wotere umakomera wolongolola. Panali bambo wina amene anzake ankamutcha Wailesi, chifukwa akatsegula pakamwa panalibe pozimitsira. Kwa iyeyu chilichonse chinali "ndakonza", ngakhale chimene anangochidutsa popita kukamwa tiyi. Wokonza weniweni nthawi zambiri anali Make Mapasa, mayi wofatsa wokhala pafupi ndi windo, amene ankalankhula ngati mawu ndi ogula. Wailesi ankamudyera masuku pamutu dzuwa likuswa mtengo, ndipo zimenezi zinkawapweteka Amalume mumtima.

Kampani itagula pulogalamu yoyendetsera ntchito, bwana anapatsa Amalume kuti aikonze. Pulogalamu yotere sungoiyatsa ngati getsi. Imayamba yakufunsa mafunso. Kodi ntchito muziigawa m'zigawo za masabata awiriawiri, kapena izingoyenda osaduladula? Bolodi losonyeza ntchito ligawidwe pangati? Ndani aziloledwa kulisintha? Izi Amalume anayankha osakanda n'komwe pamutu: masabata awiriawiri, ndipo bolodi likhale ndi Zodikira, Zili M'manja ndi Zatha. Ntchito iliyonse inkalembedwa pa khadi lake, n'kumasunthidwa pabolodipo mpaka ithe.

Funso limodzi ndi limene anachedwa nalo. Kodi khadi lizikhala la gulu lonse, kapena lililonse lizikhala ndi dzina la munthu mmodzi?

"Amalume, bwanji angokhala a tonse?" anatero Make Mapasa atamuitana kuti aone. "Pajatu mutu umodzi susenza denga."

"Susenzadi, mwananga. Koma denga likakwera, wothamangira kwa bwana kukanena kuti walisenza amakhala mmodzi yemweyo. Ine zanditopetsa."

Amalume anadina pa dzina limodzi.

Zinagwira. Pasanapite nthawi Wailesi anayamba kumveka motsitsa, poti bolodi silimva zokometsera. Makhadi a Make Mapasa ankangodzaza ku Zatha, bwana n'kumadabwa ngati mayiyo wabwera dzulo. Chaka chisanathe anamuika kukhala mtsogoleri wa gulu. Tsiku limenelo Amalume anafika kunyumba akuimba mluzu, n'kufotokozera mkazi wawo nkhani yonse kawiri. Mayiwo anali odwala shuga ndi impso, ndipo kuchipatala ankapita pa inshulansi ya kuntchito kwa amuna awo. Anamvetsera miyendo yotupa ili pakampando, kenako anati, "Inu, kusangalala chonchi ngati akweza inuyo?"

Koma walira mvula walira matope. Bolodi limadziwa makhadi basi. Kulibe khadi la kukhala pambali pa mnzako masana onse mpaka aone yekha pamene walakwitsa. Kulibe khadi la kutonthoza munthu amene wagwetsa pulogalamu ya kasitomala. Amalume akatenga khadi lawo, lisanafike pakati wina ankakhala ataitana kale, iwo n'kulipereka kwa amene ali ndi mpata. Patapita nthawi anasiyiratu kutenga. Iwo sanaone vuto, anzawonso sanaone vuto, poti aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti makhadi ambiri a ku Zatha anadutsa m'manja mwawo.

Kenako kasitomala wamkulu anachoka. Bwana anaitanitsa gulu, nkhope itagwa, n'kunena kuti eni kampani alamula kuti pachoke munthu mmodzi, ndipo adzaona lipoti la bolodi.

Make Mapasa anawatsatira Amalume kukhitchini ya ofesi, n'kutseka chitseko.

"Amalume, makiyi a pulogalamuyi muli nawo ndinu. Tsegulani malo olembapo wothandiza, tibwerere m'mbuyo tikulembeni monse munathandiza. Apo ayi ndisinthe makhadi anga ena akhale anu. Si bodzatu, munagwira."

"Si bodza, eya. Koma ndikaligwira bolodi sabata ino yochotsa anthu, adzalikhulupiriranso ndani? Mawa lomwe Wailesi ayamba kulengeza kuti ndi zophika, kuyambira ndi zako."

"Nanga amayi kunyumba?"

Amalume anatembenukira kumpopi. Anatsuka kapu yoyera kale. Kunena zoona ankaopa, mantha enieni. Pa msinkhu wawo ndani akanawalembanso ntchito? Ndipo matenda sadikira kuti munthu apeze kolowera. Masana ena, anzawo atapita kukadya, anatsegula tsamba losinthira bolodi, pomwe panali potsegulira malo olembapo wothandiza aja. Kanali kanthu kakang'ono, kongodina kamodzi. Anakhala akukayang'ana mpaka anamva anthu akukwera masitepe, n'kutseka. Kaya kunali kulungama, kaya kunali kuuma mutu kwa munthu wosafuna kugwetsa chimene anamanga yekha, iwonso sakanatha kusiyanitsa.

Make Mapasa anakadandaula kwa bwana. Bwanayo sanali munthu wankhanza, ndipo n'zimene zinkapweteka kwambiri.

"Mayi, ine ndikudziwa zonsezo," anatero akusisita pachipumi. "Koma eni ake sanakhalepo m'chipinda chino. Iwo aona mayina ndi makhadi. Ndiwauze kuti achotse wa makhadi ambiri, asiye wopanda ndi limodzi lomwe? Bolodili munalikonza nokha."

Mwezi utatha, Amalume anabwera ndi katoni yolongedzamo zawo. Kunyumba anali asananenebe kanthu. M'mawa umenewo anangoti lero aweruka msanga. Ntchito yotsala inali yopereka makiyi a pulogalamu kwa Make Mapasa, kenako iyeyo achotse dzina lawo m'gulu. Mayiyo sankadziwa pochitira, choncho anamusonyeza ndi iwo omwe.

"Pitani pa anthu. Ayi, kumanzereko. Eya. Tsopano pezani dzina langa."

Atalisankha, pulogalamu inafunsa kuti ntchito za munthu ameneyu zipite kwa ndani. Pansi pake panali malo oti zioneke ntchitozo. Panali mbee. Inangolembapo kuti munthuyu alibe ntchito yosiyira wina.

Make Mapasa anachotsa dzanja, misozi ili chuchuchu. Ngakhale Wailesi anali atazolika.

"Dinani, mwananga," anatero Amalume. "Pansi apo, kumanja."

Anadina. Dzina linachoka, koma pabolodi sipanasunthe khadi ngakhale limodzi. Amalume analiyang'ana kwa kanthawi.

"Likuyenda bwino," anatero.

Ananyamula katoni yawo n'kutsika masitepe pang'onopang'ono, akuganiza poyambira kuwauza mayi a kunyumba.