Funso la Bowa

Ndikukumbukira chaka chimene sukulu inayamba kukhala yaulere, zipani zambiri zitangobwera kumene. Kwathu kufupi ndi Matandani ana anatuluka m'midzi yonse, ena ndevu zitamera kale, ena mamina ali chuchuchu. Ife a Sitandade 4 tinkaphunzirira pansi pa mtengo wa mango, titakhala pa miyala, bolodi ataliyedzamitsa pa tsinde. Aphunzitsi anachepa, ndiye boma linalemba achinyamata omaliza sekondale kuti aziphunzitsa kwinaku akuphunzira ntchitoyo. Mmodzi wa iwo anali achemwali anga, a Filesi, ndipo anawapatsa kalasi lathu lomwelo.

Mutu wanga unayamba kuzungulira pomwepo. Munthu amene tinkalimbirana naye chofunda pamphasa imodzi, m'mawa ndizimuimirira ngati mlendo, eti? Atapita kukoleji miyezi ingapo anabwerako ndi mabuku a kosi onenepa, onunkha inki. Madzulo dzuwa lisanalowe ankakhala pakhonde, lichero atalivundikira pamiyendo kuti likhale tebulo, n'kumalemba ntchito zoti akapereke. Nthawi zina ankawerenga mokweza: mwana si thumba longothiramo chimanga, mwana azifunsa, ndipo mphunzitsi akapanda kudziwa azinena. Zimenezi anazikhulupirira ndi mtima wonse.

Koma ife kufunsa tikanayambira pati? Kunyumba, mwana wofunsa akulu ankatchedwa wamwano. Kusukulu, aphunzitsi akale ankati ukuwayesa nzeru, ndipo unkakumba dzenje la zinyalala mpaka matuza. Ndiye achemwali akati, "Pali funso?" tonse tinkayankha ngati nyimbo, "Palibe aphunzitsiii!" Iwo ankangopukusa mutu, ife osadziwa chimene talakwa.

Nthawi ya dzinja kunabwera uthenga woti woyesa wochokera kukoleji adzaonerera phunziro lawo. Wolephera kawiri ankachotsedwa ntchito. Bambo anali atanena kale kuti zikakanika, achemwali akwatiwe ndi mwini golosale wina wa ku Lisungwi amene iwo sankafuna ngakhale kumva dzina lake. Tsono pa pepala la woyesayo panali mzere wakuti ana afunse mafunso. Tikupita kukatunga madzi, achemwali anandigwira dzanja.

"Esinati, ndithandize. Ndikati pali funso, uimirire, unene kuti mizu imagwira ntchito yanji. Basi."

Ndinaloweza funsolo sabata yathunthu, potunga, posinja, ngakhale potola bowa kuphiri ndi amayi.

Tsikulo woyesa anafika pa njinga yamoto, matope mpaka m'mawondo. Anamupatsa mpando wa ahedi, iye n'kukhala kumbuyo kwathu ndi faelo yake. Achemwali ananyamula phesi la chimanga limene anazula m'munda mwathu, dothi likuyoyoka. Anayamba bwino: masamba obiriwira ndiwo amapangira chomera chakudya. Koma chifukwa cha mantha anathamanga, n'kufotokozeratu ntchito ya mizu yonse, mpaka kuilemba pabolodi. Kenako anandiyang'ana. "Pali funso?"

Ndinaimirira. Ndifunse chinthu chimene chalembedwa pabolodi pomwepo? Si ndiye woyesa aziti sanaphunzitse zomveka? Kapena ndikhale pansi? Maso onse anali pa ine, ndipo pakamwa panga panatuluka chimene chinkandivutadi mumtima.

"Aphunzitsi, nanga bowa poti alibe masamba obiriwira, amadya chiyani?"

Mbuzi inalira kuseri kwa ofesi. Achemwali anayang'ana phesi lija, kenako pansi, kenako ine. "Sindikudziwa, Esinati," anatero. "Ndikafufuza, ndidzakuuzani nonse." Anzanga anagwira pakamwa. Chibadwire chathu tinali tisanamvepo mphunzitsi akunena mawu amenewo, ndipo kumbuyo kwathu cholembera chinkangoti kwekwekwe.

Phunzirolo analephera. Woyesa anawauza kuti mphunzitsi sadzivula pamaso pa ana, akanangoti funsolo ndi la kalasi lapamwamba. Achemwali anatulutsa buku la kosi kuti amuonetse tsamba, iye anati zam'buku n'zam'buku. Ine ndiye ndinasokonezeka kotheratu. Buku lachokera kukoleji, woyesa wachokera kukoleji komweko, nanga wolondola ndani? Nkhani inafika kunyumba ife tisanafike, ndipo ndinapeza bambo atathyola kale kamtengo ka pichesi. Achemwali anaima pakati pathu. "Bambo, ndinamutuma ndine. Ngati n'kumenya, yambani ine." Bambo anataya kamtengoko, koma ine ndinalira kuposa mmene ndikanalirira atandikwapula, chifukwa ndinkaona ngati ndawapereka ndekha kwa wagolosale uja.

Achemwali analipeza yankho la funso lija patapita milungu itatu, atayenda wapansi kukabwereka buku kwa mphunzitsi wa kusekondale. Anatiuza kuti bowa amadya zowola, masamba ndi mitengo yakufa. Tsiku limenelo manja anakwera asanu, mafunso osatha, mpaka belu linalira tikadali pompo.

Teremu yotsatira woyesa anabweranso. Dzulo lake ahedi anatisonkhanitsa n'kutichenjeza kuti wotsegula pakamwa aona zakuda. Achemwali anaphunzitsa, anafunsa ngati pali funso, ife tinaimba "Palibe aphunzitsiii!" ndipo anakhoza ndi malikisi apamwamba. Ukwati uja unathera pomwepo. Ndinathamangira kunyumba ndikuvina, koma iwo anafika mwakachetechete, anaika mabuku pakhonde n'kukhala pansi osavula nsapato.

Masiku ano pamene panali mtengo wa mango paja pali midadada ya malata, ndipo ana anga amafunsa chilichonse, aphunzitsi akachedwa kuyankha amafunsa foni. Achemwali anaphunzitsa mpaka kupuma. Chaka chatha, tikusenda mbatata kwawo, ndinalimba mtima n'kuwafunsa ngati ndinawalakwira tsiku lija. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe sunandilakwire," anatero. "Chimene chimandipwetekabe n'cha ulendo wachiwiri uja. Ndinaona dzanja la mwana wina likuyamba kukwera, ine ndinatembenukira kubolodi."