Mwadiya Umene Ndinkaumiza pa Laputopu

Inu owerenga, ndinavulaza mtima wa mayi a mnzanga ndi gemu ya pa laputopu, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Ine ndi mnzanga Zuze timakonza mafoni pa Bangula. Ntchito ikachepa, tinkapanga gemu yathuyathu ya nkhondo zamakedzana pa Shire. Gulu lina linkakhala pamtunda ndi mauta, lina linkabwera pa mwadiya, bwato lathu losema lija. Zuze ankajambula zithunzi, ine ndinkaika mphamvu: muvi ufike pati, mwadiya uthamange bwanji, ulasidwe kangati usanamire.

Apa ndiye panali vuto. Mivi inkafika patali kwambiri, moti palibe mwadiya unkakocheza. Zuze anandiuza kangapo kuti ndifupikitse mivi, apo ayi ndilole opalasa kubisala m'bango, kuti mbali zonse zikhale ndi mwayi wopambana. Ine ndinkangoti mawa. Zoona zake n'zakuti ndinkakonda kusewera mbali ya mauta, ndipo kupambana kunkanditsekemera.

Kenaka nzeru zopusa zinandibwerera. Ndinajambula mawu anga ndikukuwa m'Chisena kuti "Tiphedzeni!", kutanthauza tithandizeni, n'kuwaika kuti azimveka mwadiya ukamamira. Makasitomala ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Zuze sanaseke, koma ine ndinkangoti ndi nsanje ya munthu wogonja.

Masana ena mayi ake, amene amagulitsa nsomba mumsika, anabwera kudzatchajitsa foni. Anaima kumbuyo kwanga n'kuona mwadiya ukulasidwa pakati pa mtsinje, mawu aja akukuwa. Anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Mwananga, aleke awoloke," anatero chapansipansi.

Tsiku limenelo ndi pamene Zuze anandiuza chimene chinachititsa. Mayi ake anabwera kuno pa mwadiya pothawa nkhondo ya ku Mozambiki ali mtsikana. Mwadiya umene unali pambuyo pawo unaomberedwa kuchokera pamtunda, ndipo munali mchemwali wawo. Mawu otsiriza amene anamva anali omwewo amene ine ndinkaseketsa nawo anthu.

Manyazi anandigwira, ndinasowa poyang'ana. Ndinachotsa mawu aja, ndinafupikitsa mivi, ndinaikamo bango lobisalamo. Sizinanditengere ngakhale tsiku lathunthu, ntchito yomwe ndinaikana miyezi. Tsopano wopalasa waluso amakocheza, woponya waluso amamuletsa, ndipo gemuyo ikukoma kuposa kale.

Ndinapita kukapepesa. Mayi aja anandilandira bwino, anandipatsanso nsomba kuti ndikadye kunyumba. Zuze timagwirabe ntchito limodzi, koma pa laputopu paja sakhalanso, ndipo zithunzi zatsopano sanajambulenso.

Abale anga opanga magemu, mnzanu akakuuzani kuti mbali ina ikuponderezedwa, mverani msanga, musadikire mawa ngati ine. Ndipo musanaike kulira kwa munthu m'masewera, yambani mwafunsa. Kuno kuchigwa, mtsinje umene ife timaujambula pofuna kusangalala, anthu ena anauwoloka akulira.