Salehe ndi Ndege ya Dizilo

Salehe anali makaniko pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni. Bambo ake ankagulitsa mchere ndi nsalu, koma iye mtima wake unali pa zitsulo. Anayamba ndi lole yopereka tiyi ku sitima ku Luchenza, kenako anamupatsa injini ya dizilo ya mufakitale. Ikangosintha kaliridwe, iye ankamva ali panja. Mkazi wake Zulaika ankadandaula kuti ngakhale mkanjo wopita nawo kumzikiti unkanunkha dizilo.

M'chaka cha 1937 mzungu mwini esitetiyo anayamba kulakalaka ndege yaing'ono yoti azipitira ku Blantyre mvula ikaononga msewu. Analamula anthu kuzula zitsa pamalo ena athyathyathya, ndipo analonjeza Salehe kuti ndiye azidzaisamala. Bwalo litatha, kunatera mzungu wina wogulitsa, ali m'kandege ka injini ya dizilo. Otchola tiyi anataya madengu n'kuthamangira komweko.

Bwana mwini esiteti anakazungulira kandegeko manja ali kumbuyo. "Anzanga ku Chileka onse ali ndi za petulo," anatero. "Iyi ikadzafa adzandithandiza ndani? Iwe Salehe, ukuti bwanji?"

"Bwana, dizilo sagwira moto msanga ngati petulo. Injiniyi siimwanso kwambiri, ndipo migolo ya mafuta tili nayo kale. Gulani, ine ndilipo."

Anagwirizana zoti akaiyese m'mwamba m'mawa mwake. Kunacha ndi chiperoni, kuzizira kochita kuumitsa zala. Wogulitsa anayesa kuiliza, injini inangotsokomola. Anayesanso, inalavula utsi wakuda n'kukhala chete. Salehe anathamangira kwawo, anatenga mbaula ya Zulaika, n'kufunditsa mafuta m'chitini monga ankachitira kufakitale. Dzuwa litakwera injini ija inalira bwinobwino, koma bwana anali atavala kale chipewa.

"Ndege yodalira mbaula ine ayi," anatero akupita.

"Bwana, ikatentha siivutanso. Tangokwerani mumve!"

Sanacheuke. Wogulitsa ananyamuka tsiku lomwelo. Salehe anaimirira pabwalo mpaka phokoso linazimirira cha ku Mulanje, ndipo injiniyo sinaphonye ngakhale kamodzi.

Patapita miyezi kunabwera ndege ina ya petulo. Inalira nthawi yomweyo, koma bwana anakumbukira mawu a moto aja, n'kuyamba kununkhiza pansi pa mapiko. Anaitananso Salehe. "Unati izi zimayaka. Nanga ndigule iti?"

"Iliyonse, bwana. Ingogulani, ndiisamala."

"Paja unati dizilo, lero ukuti iliyonse. Ndikukhulupirire pati?"

Salehe anabwerera kufakitale. Madzulo anauza mkazi wake kuti, "Ndikayankhula ndalakwa, ndikavomera ndalakwanso. Munthu ameneyu safuna ndege, amafuna woti amuimbe mlandu ikagwa."

Bwanayo sanagule iliyonse. Mvula itagwa, kapitawo anabwera ndi anthu n'kubzala mbande za tiyi pabwalo lonse lija. Anzake anayamba kumutchula Salehe kuti Apailoti, ndipo iye sankaseka nawo. Chaka chotsatira anasiya ntchito, anasamukira ku Thekerani komwe mlamu wake anali ndi lole yonyamula chimanga. Anaiyendetsa mpaka maso anayamba kumuvuta, ndipo ndege sanaikwerepo.