Chikombole cha m'komputadoro

Tsiku limenelo pakhonde panga ku Domwe tinalipo ine mwini khomo, akazi anga, mlamu wanga amene ndiye malume a ana anga, mwana wanga wachisamba, ndi mlendo wathu, pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, wopuma wa ku Fonte Boa. Apulofesolowo anali malume a mtsikana amene mwana wanga ankafuna kukwatira. Anabwera pa njinga, nsapato zili mbuu ndi fumbi, kudzaona ngati mwana wawo akupita kwa munthu kapena kwa wakuba.

Za wakubazo zinayamba chonchi. Mwana wanga anaphunzira ku Tete, kenako anabwerera kumudzi ndi komputadoro, n'kumagwirira ntchito empuleza ina, kampani yakutali, ali m'chipinda mwake. Salima, sagulitsa mbatatesi kumalire, satuluka m'mawa atamanga tayi. Koma malata apanyumba panga anagula ndi iye. Anthu akaona zotere pakamwa pamawayabwa. Ena anayamba kunena kuti amalowa m'makina a eni ake. Ine ndinawayankha pamsika wa ku Ulongwe kuti inde amalowa, ndipo palibe chitseko chimene chimamukanika. Ndimalankhula choncho ine, kunong'ona sindinakuphunzire. Nkhaniyo inakwera shapa, minibasi yathu ija, n'kukafika ku Fonte Boa ine ndisanafike n'kwathu komwe.

Atamwa tiyi, apulofesolo anati, "Ife sitikukaniza mwana ayi. Koma ntchitoyo ndiione ndi maso angawa."

Mwana wanga anatulutsa meza, n'kuikapo komputadoro ija. Anafotokoza m'Chinyanja kuti nafenso timve.

"M'kati mwa komputadoro imodziyi ndimamangamo makomputadoro ena onamizira," anatero. "Ali ngati nyumba zopanda anthu. Empuleza ikafuna kudziwa ngati akuba angalowe m'makina ake, ndimamanga ofanana nawo muno, n'kuwayesa ndi njira zonse zomwe akuba amayendera. Ndikapeza pofooka ndimawauza kuti akonze. Ndikamaliza ndimagumula."

"Ndiye tsiku lililonse mumayambira pansi?" anafunsa apulofesolo.

"Kale ndinkatero, dzuwa linkandilowera ndikumanga. Pano ndinakonza chikombole chimodzi, makina onse amatulukamo ofanana. Ndipo woumba si ine. Pali pulogalama yanzeru, timaitchula kuti ajenti. Ndimailembera zomwe ndikufuna, iyo n'kuumba."

Atatchula chikombole ndinakhala bwino pampando. Sikola ndinalekeza nditangodziwa kulemba dzina langa, koma chikombole ndimachidziwa. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, pano tinapeza tchire lokhalokha, ndipo nyumba zambiri za mudzi uno zinatuluka m'chikombole changa chamlombwa.

"Mwamva, apulofesolo?" ndinatero. "Mwana wanga ali ndi waganyu wosadya, wosamwa, wosapita kumaliro!"

Mwanayo analemba mawu ochepa, n'kuchotsapo manja. Zilembo zinayamba kuyenda zokha pagalasi ngati linthumbu. Redi ya intaneti ya kwathu ndi yaulesi, ndiye tinadikira. Akazi anga anabweretsa mbatatesi yophika ndi mchere. Tinakamba za mvula, za feteleza, za msewu wa ku Ulongwe. Kenako ajenti ija inalemba kuti yamaliza.

Ine ndinali nditakweza kale manja kuti ndiombe. Koma mwana wanga anaweramira galasi lija n'kuyamba kuwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere.

"Yalakwitsa," anatero. "Ndinaiuza kuti makinawa akhale otsekeka, asalumikizane ndi kunja. Yasiya khomo limodzi lotsegula. Ndikanaikamo vilusi yoyesera, kachilombo ka m'makina, ikanatulukira pamenepo n'kukawononga za anthu ena."

Pakhonde paja panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanaona cholakwikacho. Apulofesolo ankaphunzitsa ana ndi choko, za makinazi sazidziwa. Mwanayo akanangokhala chete, mlendo akanabwerera wokondwa. Ndinamuponda phazi kunsi kwa meza, mwamphamvu ndithu.

"Ndi redi imeneyo!" ndinatero. "Redi ya kuno ikatopa imathawira ku Malawi."

"Si redi, ababa," anayankha osandiyang'ana n'komwe. Anadina kamodzi, ndipo zonse zomwe tinadikira zija zinafufutika.

Apulofesolo anavula magalasi awo n'kuwapukuta ndi malaya. "Ndiye waganyu wanuyu akalakwitsa chonchi, mlandu ndi wa yani? Poti iyeyu alibe malume woti tikamudandaulire."

Mlamu wanga anaseka mpaka kutsamwa ndi mbatatesi.

"Ndi wanga," anatero mwana wanga. "Ndamutuma ndine. N'chifukwa chake zomwe waumba sindizigwiritsa ntchito ndisanazione ndekha."

Sanathamangire kumanganso. Anayamba wabwerera ku chikombole chija, n'kukonza momwemo kuti khomolo lisadzatulukenso lotsegula, ngakhale ajenti itaiwala. Ife tinkamuonerera. Nkhuku zinkatola makoko pansi pa meza.

Apulofesolo anatembenukira kwa ine. "Akulu, ndamva kuti inu ndinu katswiri wa njerwa. Nanenso ndinaumbako titabwerako kothawa nkhondo. Zoyamba zikauma munkatani nazo?"

"Ndinkanyamula imodzi n'kuimenyetsa pansi!" ndinatero. "Mwini nyumba akuona. Ikaphwanyika ndinkasintha dothi, kaya alire kaya akwiye. Pitani mukaone, khoma langa silinagwepo."

Nditatero ndinaona kuti onse akundiyang'ana. Ndiye ndinawauza zoona zake, kuti nzeru yogumulayi mwanayu anatengera ine.

"Nanga amene amaponda anzake kunsi kwa meza uja ndi ndani?" anafunsa akazi anga akutola mbale.

Ine ndinalozera alendo galasi lija kuti aone makina akuumbidwanso.

Ulendo wachiwiri makina anatuluka otsekeka bwino. Mwana wanga anaonetsa apulofesolo momwe amayesera zitseko chimodzichimodzi, ndi momwe amalembera eni ake zomwe wapeza. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, koma ndinaona kuti mtima wawo unali utakhazikika kale. Ponyamuka anagwira dzanja la mlamu wanga n'kunena kuti tikakolola abwere ku Fonte Boa, akakambirane za tsiku.

Tinawaperekeza mpaka pamlatho, ine ndikuwakankhira njinga. Pobwerera ndinaona kuti mwana wanga akutsimphina. Anandidikira kuti tiyende limodzi, n'kunena motsitsa mawu.

"Ababa, chala changachi chatupa, munandiponda ngati mukuponda dothi la njerwa. Paukwati mudzakhale kutsogolo, mudzalankhule mpaka ku Dedza amve. Koma za zitseko zosandikanika zija, chonde, musadzazitchulenso."